Ndege za Jeti za ku Britain ndi Zionetsero Zake: Mafunso ndi Mayankho

Pakati pa 1945 ndi 1960, munthu wofuna kuona ndege yatsopano yothamanga kwambiri ankayang'ana ku Britain. Lero dzikolo silipanga lokha ndege yonyamula anthu ambiri ngakhale imodzi, ndipo gulu lake lotchuka la zionetsero, la Red Arrows, likuulukabe pa ndege zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1970. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu okonda za ndege amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi n'zoona kuti Angerezi ndiwo anatulukira injini ya jeti?

Mbali ina n'zoona. Frank Whittle, msilikali wachinyamata wa RAF, gulu lankhondo la mumlengalenga la Britain, analembetsa nzeru yake ya injiniyi mu 1930. Akuluakulu a boma sanaione ngati kanthu, moti anavutika zaka zambiri kusaka ndalama zoyesera. Ku Germany nako Hans von Ohain ankapanga yake payekha, ndipo ndege ya jeti yoyamba kuuluka inali ya ku Germany, mu Ogasiti 1939. Ya Whittle, yotchedwa Gloster E.28/39, inanyamuka pa 15 Meyi 1941 ku Cranwell.

Injiniyi imakoka mpweya kutsogolo, n'kuupanikiza, n'kuusakaniza ndi mafuta, n'kuuyatsa. Mpweya wamotowo ukamatuluka mwamphamvu kumbuyo, ndege imakankhika kupita kutsogolo. Sifunanso mapulopela, ndipo ikakwera m'mwamba kwambiri m'pamene imagwira bwino ntchito. Pofika Julayi 1944 RAF inali itayamba kugwiritsa ntchito Gloster Meteor pothamangitsa mabomba ouluka okha a V-1 amene Germany inkaponya ku London.

Nanga nthawi imene amati Britain inali pachimake ndi iti?

Zaka khumi ndi zisanu zotsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Dzikolo linatuluka m'nkhondo lili ndi ngongole zosaneneka, chakudya chikugulidwa mochita kuyezeredwa, koma linali ndi makampani a ndege ambirimbiri, aliyense ndi mainjiniya ake: de Havilland, Hawker, Gloster, Avro, Vickers, Handley Page, English Electric, Fairey, Bristol ndi ena. Ankapikisana koopsa.

Zotsatira zake zinkaoneka chaka ndi chaka. Mu 1945 Meteor inaphwanya mbiri ya liwiro padziko lonse, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Eric Brown anatera ndi jeti yankhondo yotchedwa Vampire pa sitima yapamadzi yonyamula ndege, chinthu chimene jeti inali isanachitepo. Mu 1948 ndege zisanu ndi imodzi za Vampire zinakhala majeti oyamba kuwoloka nyanja ya Atlantic. Canberra, yoponya mabomba, inauluka mu 1949, ndipo inali yabwino moti America, imene sikonda kugula ndege zankhondo kunja, inapempha chilolezo chopanga zake n'kuzitcha B-57. Mu Seputembala 1953 Neville Duke anathamanga makilomita 1,171 pa ola ndi Hawker Hunter yopakidwa utoto wofiira. Pa 10 Malichi 1956 Peter Twiss, ndi Fairey Delta 2, anafika makilomita 1,822 pa ola.

Kwa ine ndege yoimira bwino nthawiyi ndi Hunter. Inali yokongola, yomvera dzanja la woyendetsa, ndipo inagulidwa. Zinapangidwa pafupifupi 2,000 ndipo mayiko oposa 20 anazigwiritsa ntchito, kuyambira Switzerland mpaka India. Ndikutchula za kugulidwazi chifukwa m'pamene ndege zambiri zotsatira zinalepherera.

Farnborough imatchulidwa kwambiri. Kunkachitika zotani?

Farnborough ndi tauni ya ku Hampshire, kum'mwera chakumadzulo kwa London, kumene kunali malo a boma ofufuzira za ndege. Kuyambira 1948 makampani ankachita chionetsero chawo kumeneko mwezi wa Seputembala, ndipo kwa zaka zambiri ankaonetsa ndege za ku Britain zokha. Kwenikweni unali msika. Masiku oyamba kunkabwera akuluakulu a asilikali ndi a makampani oyendetsa ndege ochokera kunja kudzaona katundu, ndipo kumapeto kwa sabata zipata zinkatsegulidwa kwa anthu wamba, amene ankakhamukirako miyandamiyanda.

Oyendetsa ndege zoyeserazo anali otchuka ngati osewera mpira. Ana asukulu ankadziwa mayina awo: John Derry, Neville Duke, Roland Beamont, Bill Waterton. Aliyense ankafuna kusonyeza kuti ndege ya kampani yake imatha zimene zina sizingathe. Mu 1951 Jan Zurakowski, wa ku Poland, anakwera chololoka ndi Meteor, n'kuchepetsa mphamvu ya injini imodzi inayo ikulira, ndegeyo n'kuzungulira chammbali mapiko akusinthana pamwamba ndi pansi. Mu 1955 Roly Falk, amene ankakonda kuuluka atavala suti ndi tayi, anangonyamuka ndi Avro Vulcan, chindege choponya mabomba cha mapiko amakona atatu, n'kuchigubuduza mumlengalenga anthu akuona. Akuluakulu anamuletsa kubwereza.

Kodi sizinali zoopsa?

Zinali zoopsa kwambiri, ndipo amene amangosimba za ulemerero wa nthawiyi amalakwira anthu amene anafa. RAF yokha inataya ndege za Meteor 890 pa ngozi, oyendetsa pafupifupi 450 n'kufa. Ambiri anali anyamata ongoyamba kumene, amene ankaphunzitsidwa kuuluka ndi injini imodzi ndege ili pafupi ndi pansi. Geoffrey de Havilland wamng'ono, mwana wa mwini kampani, anafa mu 1946 akuyesa DH.108.

Tsiku loipitsitsa linali 6 Seputembala 1952. John Derry anatsika kuchokera m'mwamba ndi DH.110 mothamanga kuposa liwiro la phokoso, anthu anamva kuphulika kwa mpweya kumene ankayembekezera, kenako anabwerera chapansipansi n'kuyamba kukhota. Phiko linathyoka, ndege n'kuphwasukira m'mwamba. Injini imodzi inakagwera pakati pa khamu limene linali pa kaphiri. Owonerera 29 anafa, pamodzi ndi Derry ndi mnzake Anthony Richards. Chionetsero sichinaimitsidwe. Atangochotsa zidutswa pamsewu wa ndege, Neville Duke, yemwe anali bwenzi la Derry, ananyamuka ndi Hunter n'kukachita zomwezo. Anthu ambiri amatama kulimba mtima kumeneku, ndipo za Duke ndikuvomereza. Koma kupitiriza chionetsero mitembo ili pomwepo kukusonyezanso mmene mbadwo umene unangotuluka m'nkhondo unazolowerera imfa.

Ngoziyi itachitika anakhazikitsa malamulo akuti ndege ziziuluka patali ndi owonerera ndipo zisamakhote molunjika khamu. Malamulowo anateteza anthu kwa zaka zambiri.

Chinachitika n'chiyani ndi Comet?

Nkhani ya Comet ndiyo yopweteka kuposa zonse, chifukwa apa Britain inali patsogolo pa dziko lililonse ndi zaka zingapo. De Havilland Comet inauluka koyamba pa 27 Julayi 1949. Pa 2 Meyi 1952 kampani ya BOAC inayamba ulendo woyamba padziko lonse wa jeti yonyamula anthu olipira, kuchoka ku London kupita ku Johannesburg ndi anthu 36, ikuima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Inkauluka pamwamba pa mitambo ndi mvula, mosagwedezeka ngati ndege za mapulopela, ndipo makampani a mayiko ena anayamba kuitanitsa zawo.

Pa 10 Januwale 1954 Comet ina itangonyamuka ku Rome inaphulikira m'mwamba pafupi ndi chilumba cha Elba, anthu 35 n'kufa. Anaziimitsa, anakonza zimene ankaziganizira, n'kuzilolanso kuuluka. Pa 8 Epulo ina, imene inkapita ku Johannesburg, inagwera m'nyanja cha kufupi ndi Naples, n'kupha anthu 21.

Zimene akatswiri a ku Farnborough anachita pofufuza zinasintha kapangidwe ka ndege kulikonse. Asilikali apamadzi anavuula zidutswa pansi pa nyanja, n'kuzilumikiza pa chimango chamatabwa. Kenako anatenga thupi lonse la Comet ina n'kuliika m'thanki yaikulu yamadzi, mapiko ali kunja. Ankapopera madzi m'kati mwake kuti lifufume pang'ono monga limachitira ndege ikakwera m'mwamba, n'kuwaphwetsa, n'kupoperanso, usana ndi usiku. Atawerengera maulendo oposa 3,000, kuphatikiza enieni amene ndegeyo inali itayenda kale, thupilo linang'ambika. Mwana wopanga galimoto yamawaya amadziwa kuti waya ukaupinda uku ndi uku pamalo amodzi umaduka wokha popanda pulayala. Chitsulo chopyapyala cha Comet chinkatopa chimodzimodzi, ndipo ming'alu inkayambira m'makona a mabowo odulidwa m'thupi la ndegeyo, pafupi ndi misomali yolumikizira.

Anaikonza. Comet 4 inakhala jeti yoyamba kunyamula anthu olipira kuwoloka Atlantic pa 4 Okutobala 1958. Koma patangopita masabata atatu kampani ya ku America ya Pan Am inayamba ulendo ngati womwewo ndi Boeing 707, yaikulu, yothamanga, yonyamula anthu ochuluka pa mtengo wotsika. Ma Comet onse amene anapangidwa ndi 114. Ma 707 anaposa 800. Zimene Angerezi anaphunzira pa imfa za anthu aja anazifalitsa poyera, ndipo opikisana nawo anapindula nazo.

Kodi ndege zimenezi zinafikako kwathu kuno?

Zinafika ndithu. Livingstone taitchula kale. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, gulu lankhondo la mumlengalenga la chitaganyacho linali ndi ma Vampire ndi ma Canberra, ndipo ma Hunter anabwera chakumapeto. Chitaganya chitatha mu 1963 majetiwo anatsala m'manja mwa boma la azungu ku Southern Rhodesia, limene linawagwiritsa ntchito polimbana ndi omenyera ufulu wa Zimbabwe, kuphatikizapo kuphulitsa misasa ku Mozambique ndi ku Zambia. Choncho kwa anthu ambiri a m'chigawo chino kulira kwa Hunter sikunali kwa chisangalalo. Zimbabwe italandira ufulu inapitiriza kuziyendetsa, ndipo mu 1982 inagula ma Hawk, majeti aang'ono a ku Britain ophunzitsira ndi omenyera nkhondo.

Ku mbali ya ndege zonyamula anthu, Zambia Airways ndi Air Malawi zonse zinali ndi BAC One-Eleven. Air Malawi inalinso ndi Vickers VC10 imodzi, imene kuyambira 1974 mpaka 1979 inkanyamula anthu kuchoka ku Blantyre kupita ku London. VC10 inapangidwira mabwalo ngati athu, okwera, otentha, amsewu waufupi, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo ndege yolemera imavutika kunyamuka. Injini zake zinayi zinali kumchira, choncho m'kati munkakhala bata. Ya Air Malawi ija inakhala zaka zambiri itaima pa Chileka isanaphwasulidwe.

Red Arrows isanabwere kunali magulu ena?

Ambiri. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi gulu lililonse la ndege zankhondo la RAF linkafuna kukhala ndi akatswiri ake a zionetsero. Otchuka kwambiri anali Black Arrows a 111 Squadron, ndi ma Hunter awo akuda bii. Ku Farnborough mu 1958, motsogozedwa ndi Roger Topp, anakwera ndi ndege 22 zili pamodzi, n'kuzungulira mkombero wathunthu chagada, n'kutsika popanda imodzi kuchoka pamalo pake. Palibe gulu lina limene lachitapo zimenezi ndi ndege zochuluka chonchi. Ganizirani kuti wa kumapeto kwa mzere amayenera kusintha mphamvu ya injini mosalekeza, pamene mpweya wosokonezedwa ndi ndege zakutsogolo ukumugwedeza.

Pambuyo pawo panabwera Blue Diamonds a 92 Squadron ndi ma Hunter 16 abuluu, kenako Tigers ndi Firebirds pa English Electric Lightning, ndege yothamanga kawiri liwiro la phokoso koma yakumwa mafuta kwambiri. Akuluakulu anaona kuti ndege zankhondo zodula ndi oyendetsa ake zikutha nthawi pa zionetsero m'malo molondera dziko. Chakumapeto kwa 1964 anaganiza zokhala ndi gulu limodzi lokha, pa ndege zazing'ono zophunzitsira.

Red Arrows amatha bwanji kuuluka moyandikana chonchi osagundana?

Gululi linayamba kuonetsa mu 1965 ndi ndege zisanu ndi ziwiri za Folland Gnat. Kuyambira 1968 linakhazikika pa zisanu ndi zinayi, motsogozedwa ndi Ray Hanna wa ku New Zealand, amene anakweza kwambiri luso la gululi. Mu 1980 anayamba kuonetsa ndi Hawk T1, imene akuigwiritsabe ntchito.

Woyendetsa wa m'gulu sayang'ana pansi kapena kutsogolo. Maso ake amakhala pa ndege ya mtsogoleri, pa malo awiri amene akawalunjikitsa bwino amadziwa kuti ali pamalo oyenera, nthawi zina mamita awiri okha kuchoka kwa mnzake. Mtsogoleri ndiye amaona njira, ndipo amalankhula pa wailesi ndi mawu omwewo, mokoka mofanana tsiku lililonse, kuti aliyense ayambe kukhota pa nthawi imodzi. Amayeserera nyengo yonse yozizira, katatu pa tsiku, akuyamba ndi ndege zochepa n'kumawonjezera. Ulendo uliwonse umajambulidwa pa vidiyo, ndipo akatera amakhala pansi, aliyense n'kutchula yekha pamene walakwitsa. Amavala ovolosi yobiriwira mpaka mkulu wa RAF atawayesa n'kuwavomereza kuonetsa pagulu. Pamenepo m'pamene amavala yofiira. Amakaniko awo amavala yabuluu, ndipo popanda iwo ndege zokalambazi sizikanauluka.

Chimene chimadumphitsa anthu mtima ndi ndege ziwiri, ya nambala 6 ndi ya nambala 7, zimene zimathamangirana maso ndi maso ngati zigundana. Kwenikweni iliyonse ili ndi mzere wake, ndipo munthu woima pansi saona mpata umene uli pakati pake.

Utsi wamitundu uja amaupanga bwanji?

Pansi pa ndege pali thanki ya dizilo. Dizilo akathiridwa mu mpweya wotentha wotuluka mu injini amasanduka nthunzi yoyera, ndipo akasakanizidwa ndi utoto amatuluka wofiira kapena wabuluu. Woyera umakwana mphindi zisanu, wofiira imodzi, wabuluu imodzi. Suli wokongoletsa chabe, chifukwa umathandiza oyendetsa kuona kumene mphepo ikulowera ndi kumene anzawo ali.

Ndiye zinthu zinalakwika pati?

Ambiri amaloza munthu mmodzi, Duncan Sandys, nduna ya zachitetezo imene mu 1957 inalengeza kuti tsogolo ndi la mizinga yodziwongolera yokha, osati ndege zankhondo zoyendetsedwa ndi anthu. Ntchito zingapo zinathetsedwa nthawi yomweyo, ndipo Lightning inapulumuka chifukwa inali itafika kale patali. Sandys analakwitsa, koma vuto linayamba iye asanabwere.

Makampani anali ambiri kuposa ndalama za dzikolo. Pofuna ndege yonyamula bomba la nyukiliya, boma linagula mitundu itatu yosiyana, Valiant, Victor ndi Vulcan, kwa makampani atatu, pa ntchito imodzi. Msika wa kwawo unali waung'ono. Kampani ya ku America inkayamba ndi oda yaikulu ya asilikali ake kapena ya makampani oyendetsa ndege a m'dziko lalikululo, mtengo wa ndege imodzi n'kutsika. Ya ku Britain inkapanga zochepa, pang'onopang'ono, n'kuchedwa kupereka.

Makampani a boma oyendetsa ndege nawo anasokoneza. Imodzi mwa makampaniwa, BEA, inauza de Havilland kuti ichepetse kukula kwa jeti yake yonyamula anthu ya Trident kuti igwirizane ndi maulendo ake okha. Zotsatira zake, ma Trident anapangidwa 117, pamene Boeing 727, yofanana nayo koma yokulirapo, inaposa 1,800. BOAC inaitanitsa VC10 yoyenera mabwalo a mu Africa, kenako mabwalowo atatalikitsidwa inachepetsa oda n'kukonda 707. Ma VC10 anathera pa 54, ngakhale okwera ankaikonda.

Mu 1960 boma linakakamiza makampani kuphatikizana kukhala magulu awiri akuluakulu, British Aircraft Corporation ndi Hawker Siddeley. Kenako panabwera TSR-2, ndege yankhondo yapamwamba imene inauluka mu Seputembala 1964 n'kuthetsedwa mu Epulo 1965 chifukwa cha kukwera kwa mtengo. M'malo mwake anaitanitsa F-111 ya ku America, nayonso n'kuithetsa mu 1968. Mainjiniya ambiri anasamukira ku America ndi ku Canada. Maganizo anga ndi akuti nzeru sizinasowe ngakhale pang'ono. Chimene chinasowa ndi boma losankha ntchito zochepa n'kuziimirira mpaka kumapeto, komanso makampani ofunsa kaye kuti ogula akunja akufuna chiyani.

Palibe zimene zinayenda bwino pambuyo pake?

Zilipo. Harrier, yotha kunyamuka ndi kutera chololoka popanda msewu, inayamba ntchito mu 1969, asilikali a ku America anaigula, ndipo mtundu wake wapanyanja unathandiza kwambiri pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982. Britain inasiya kuigwiritsa ntchito mu 2010. Concorde, yopangidwa pamodzi ndi France, inauluka mu 1969 ndipo inanyamula anthu pa liwiro loposa la phokoso kuyambira 1976 mpaka 2003, koma zinapangidwa 20 zokha. Hawk, imene inauluka koyamba mu 1974, inagulidwa zoposa 1,000, ndipo South Africa, India ndi Finland ndi ena mwa mayiko amene ali nazo.

Lero Britain imapanga zigawo. Mapiko a ndege zambiri za Airbus amachokera ku Broughton ku Wales, Rolls-Royce imapanga injini zikuluzikulu ku Derby, Martin-Baker imapanga mipando yoponyera woyendetsa kunja ndege ikamagwa, ndipo ndege yankhondo ya Typhoon imapangidwa ndi mayiko anayi mogwirizana. Ndi ntchito yaikulu, ya ndalama zambiri, yongosowa ndege yathunthu yoti mwana ailoze n'kunena kuti ndi ya kwawo.

N'chifukwa chiyani zionetsero zachepa?

Choyamba, RAF yachepa, mabwalo ambiri amene ankatsegulira anthu kamodzi pachaka anatsekedwa, ndipo ndege zakale zikutha. Vulcan yomaliza, XH558, imene anthu wamba anasonkha ndalama kuti iulukenso mu 2007, inatera komaliza mu 2015 makampani amene ankaitsimikizira kuti ili bwino atanena kuti sangapitirize. Ku Cape Town kunali malo otchedwa Thunder City kumene ndege zankhondo zakale za Lightning ndi Buccaneer zinkaulukabe, koma Lightning ina itagwa pa chionetsero mu 2009 n'kupha woyendetsa, ntchitoyo inazilala.

Chachiwiri ndi ngozi ya pa chionetsero cha ku Shoreham, kum'mwera kwa England. Pa 22 Ogasiti 2015 Hunter yakale ya anthu wamba inalephera kumaliza mkombero, n'kugwera pa msewu wa A27 kunja kwa bwalo. Amuna 11 anafa, ena akungodutsa pa galimoto, osadziwa n'komwe za chionetserocho. Ofufuza anapeza kuti ndegeyo inafika pamwamba pa mkombero ili m'munsi kwambiri komanso ikuyenda pang'onopang'ono. Malamulo anakhwimitsidwa, ndalama za inshuwalansi ndi za ziphaso zinakwera, ndipo okonza zionetsero zing'onozing'ono ambiri anasiya. Ku Farnborough mu 2016 Red Arrows anangodutsa osachita masewera awo chifukwa nyumba zazungulira bwalolo, ndipo pambuyo pa 2018 masiku a kumapeto kwa sabata a anthu wamba anathetsedwa. Ena amadandaula kuti malamulowa apha chisangalalo. Ine ndimaganizira za munthu amene anali pa msewu uja, amene sanagule tikiti ndipo sanavomere kuika moyo wake pachiswe.

Nanga tsogolo la Red Arrows ndi lotani, ndipo ndege zakalezi ndingazione kuti?

Gululi lakumana ndi zovuta. Mu 2011 oyendetsa awiri, Jon Egging ndi Sean Cunningham, anafa pa ngozi ziwiri zosiyana. Mu 2022 linasamuka ku bwalo la Scampton kupita ku la Waddington ndipo linaonetsa ndi ndege zisanu ndi ziwiri zokha. Mu 2023 RAF inatulutsa lipoti lovomereza kuti akazi a m'gululo ankazunzidwa ndi kuchitidwa zachipongwe, ndipo mkulu wa RAF anapepesa. Mu 2024 linabwerera pa ndege zisanu ndi zinayi. Ma Hawk T1 awo akuyembekezeka kusiya ntchito cha m'ma 2030, ndipo fakitale ya ku Brough inasiya kupanga ma Hawk atsopano, choncho nkhani ya ndege yolowa m'malo mwake imadzutsa mkangano ku Britain.

Amene muli ku Britain, pitani ku RAF Museum ku Cosford, kufupi ndi Wolverhampton, kumene kulowa n'kwaulere. Kumeneko Valiant, Victor ndi Vulcan zili m'nyumba imodzi, ndipo TSR-2 iliponso. Ku Duxford, pafupi ndi Cambridge, kuli Comet 4, Super VC10 ndi Concorde. Wofuna kuona zouluka apite ku chionetsero cha ndege cha ku Fairford mwezi wa Julayi, agule tikiti msanga, ndipo ana awatengere zotsekera m'makutu.